Pulesha ili bwino, koma diso likutha

Malume anga ndi telala, ndipo mpaka lero amalowetsa okha ulusi pa singano ya makina, osaitana mdzukulu. N'chifukwa chake pakhomo panalibe amene ankada nkhawa ndi maso awo, ngakhale kuchipatala anali atawauza kale kuti ali ndi glaucoma, matenda owononga pang'onopang'ono mtsempha wa diso. Akagunda mutu pa mtanda wa khonde la shopu yawo yomwe, tinkaseka n'kumati ndi ukalamba. Miyezi itatu iliyonse ankapita kusikelo ya maso, n'kuwayeza pulesha ya m'diso, nambala n'kulembedwa m'buku lawo la kuchipatala: 17, 16, 18. Mawu otsanzikira anali amodzimodzi: "Pulesha ili bwino Bambo, pitirizani kudontheza mankhwala." Amalume ankawakonda mawu amenewa, moti ankafika nawo kunyumba ngati mwana wobwera ndi malikisi abwino.

Tsiku lina ndinawaperekeza, ndipo tinapeza dokotala wina, mayi wachitsikana ndithu. Iye sanakhutire ndi nambala. Anawadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, tinakakhala pabenchi kwa theka la ola, kenako anawakhazika pa makina ounikira, chibwano pa kachitsulo. "Yang'anani khutu langali, Bambo." Anasuzumira nthawi yaitali osayankhula. Atatha anatenga buku lija, n'kujambula kabwalo, ndipo m'munsi mwake analembamo kamzere kamodzi ndi bolopeni yofiira.

"Pali kadontho ka magazi pamene mtsempha wa diso umatulukira."

"Magazi? Koma Adokotala, diso silikuwawa, komanso si lofiira."

"Simungakaone pa kalilole, Bambo. Kali kuseri. Koma kakundiuza kuti matendawa sanaime."

Chimene ndikufuna kutsutsa pano ndi chizolowezi chimene odwala ndi ogwira ntchito kuchipatala omwe tagwirizana osauzana: kuyesa kuti glaucoma ndi nambala. Nambala ikatsika tonse timapumira m'mwamba. Koma chimene chikufa m'matendawa ndi mtsempha, ndipo sikelo ya glaucoma imene ikuyeza pulesha yokha osasuzumira mtsemphawo ikuchita ngati mlonda amene amawerenga maloko m'mawa uliwonse koma osalowa m'nyumba yosungira katundu.

Telala amamva msanga nkhani imeneyi. Kuchokera kuseri kwa diso kupita ku ubongo pali chingwe cha timaulusi toposa 1 miliyoni, ndipo kalikonse kamanyamula kachigawo kake ka zimene tikuona. Timaulusi tonseti timasonkhana pa kamalo kozungulira kosakwana mamilimita awiri m'mimba mwake, n'kudutsa pa kachiwalo kooneka ngati sefa, kenako n'kutuluka m'diso. Kamalo kameneka madokotala amakatchula kuti optic disc. Glaucoma imadula timaulusiti pang'onopang'ono pomwepo pa sefapo, ndipo kodukako sikalumikizikanso. Apa ndi pamene isiyanirana ndi ng'ala. Wa ng'ala amalowa m'fiyeta ali wosaona, mawa lake akamumasula bandeji amazindikira mkazi wake. Wa glaucoma zimene zapita zapita, madzi akatayika saoleka. Choipa china n'chakuti imayambira m'mbali mwa zimene munthu akuona, pakati n'kusiyapo mpaka kumapeto. Ndiye munthu amalowetsa ulusi pa singano bwinobwino pamene mtanda uli pamwamba pa mutu wake sakuuona.

Kadontho kaja kamaoneka ngati kachitsotso kofiira kogona m'mphepete mwa optic disc, kotsata njira ya timaulusi. Nthawi zambiri kamapezeka m'munsi, chakumbali ya khutu. Popeza diso limalandira chithunzi chozondoka, mbali ya m'munsi ya mtsempha ndiyo imaona zakumwamba. Dokotala uja atandifotokozera zimenezi ndinakumbukira mtanda wa pakhonde, ndipo kuseka kwathu kuja kunandichititsa manyazi.

Woyamba kulemba za magazi amenewa anali Jannik Bjerrum wa ku Denmark m'chaka cha 1889, koma nkhaniyo inagona zaka zambiri mpaka Stephen Drance wa ku Vancouver, ku Canada, anaidzutsa mu 1970. Lero ambiri amangokatchula ndi dzina la Drance. Akatswiri amatsutsanabe za chimene chimayambitsa. Ena amati sefa ija ikamapindika imang'amba katsempha kakang'ono ka magazi, ena amati vuto limayambira m'mitsempha ya magazi momwemo. Kwa wodwala mkangano umenewu si waukulu. Chachikulu ndi chimene chimatsatira: pamalo pamene panaoneka kadontho, pakapita miyezi kapena zaka, kawirikawiri pamapezeka kuti timaulusi tathothoka, m'mphepete mwa mtsempha mwakumbika, ndipo mbali ya kuona imene malowo amayang'anira yachepa.

Aliyense amene anasungapo chimanga m'matumba amadziwa kaufa kamene kamagwa pansi pa thumba. Kaufako sikadya chimanga. Ukasesa, pansi pamayera, koma anankafumbwe ali m'katimo akupitiriza ntchito. Kadontho ka magazi kali chimodzimodzi. Pakokha sikachititsa khungu, ndipo kamazimirira kokha, kawirikawiri pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Amene wabwera kusikelo kadonthoko katazimirira amapeza pansi posesa. Amene wabwera kalipo, koma palibe womusuzumira, amabwerera kunyumba ndi nambala yake yokongola.

Kuti kamaphonyeka si nkhani ya kuno kokha ayi. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Ocular Hypertension Treatment Study, amene anatsatira anthu 1,636 okhala ndi pulesha yokwera koma asanayambe glaucoma. Anthuwa ankawaunika madokotala a maso enieni, komanso chaka chilichonse ankawajambula mtsempha ndi kamera. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2006 zinali zochititsa manyazi kwa madokotalawo: mwa timadontho 100 tilitonse timene tinapezeka, 84 tinaoneka pa zithunzi pokha, dokotala atakaphonya poyang'ana ndi maso. Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse ndi nthawi yokwanira anaphonya motere, nanga dokotala wa pachipatala cha boma amene panja pali mzere wa anthu 60 ndipo magetsi athima? Sindikumunena. Ndikunena kuti ntchito imene tamupatsa, yoyeza pulesha n'kulemba timolol, mankhwala odontheza otsitsa pulesha, ndi theka chabe la ntchito.

Nambala ija ilinso ndi bodza lake. Timaphunzitsidwa kuti pulesha yabwino ndi ya pakati pa 10 ndi 21. Koma malire amenewa anachokera pa kuyeza anthu ambiri n'kuona pamene ochuluka ali, osati pa kuona pamene mtsempha wa munthu aliyense umayambira kuvutika. Pa kafukufuku wa mumzinda wa Baltimore, pafupifupi theka la anthu amene anapezeka ndi glaucoma anali ndi pulesha yosapitirira 21 pa tsiku lowayeza. Ku Tajimi, ku Japan, anali 92 pa 100 alionse. Pulesha imasinthanso pa tsiku limodzi lomwelo, moti ya 10 koloko m'mawa pasikelo si ya 3 koloko usiku munthu ali chogona. Pali mitsempha ina imene 17 imailemera. Ndipo kadontho ka magazi kamakonda kuoneka kwambiri mwa anthu otere, amene pulesha yawo imaoneka yaulemu. Pa kafukufuku wa odwala amtundu umenewu wotchedwa Collaborative Normal-Tension Glaucoma Study, amene Drance yemweyo anali m'gulu la otsogolera, diso lokhala ndi kadontho linali pa chiopsezo chopitirira kuwonongeka pafupifupi katatu poyerekeza ndi lopanda kadontho. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti kutsitsa pulesha ndi magawo 30 pa 100, ngakhale inali kale "yabwino", kunachepetsa maso opitirira kuwonongeka kuchoka pa 35 kufika pa 12 pa 100 alionse.

Tsono pali otsutsa, ndipo ena mwa iwo ali ndi mfundo zolemera.

Ena amati tikuopseza anthu pachabe. Amaloza kafukufuku wa ku America uja: mwa maso amene anapezeka ndi kadontho, pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anadzayamba glaucoma m'zaka zimene anawatsatira, kutanthauza kuti 86 sanayambe. Ndi zoona, ndipo wowerenga aliyense amene wauzidwa za kadontho aigwiritse nambala imeneyi, imuthandize kugona tulo. Komatu mwa maso opanda kadontho anali 5 okha pa 100. Ndiponso anthu amenewo anali oti matenda sanawayambe. Malume anga anali kale m'kati mwa matenda, ndipo kwa munthu wotero funso si lakuti kodi ayamba, koma kodi akutha pa liwiro lanji. Ndivomerezenso kuti si magazi onse a pamalopa amene ali a glaucoma. Shuga, kuthamanga kwa magazi, ngakhale kusuntha kwa madzi olimba a m'kati mwa diso pamene munthu akukula, zonsezi zimatha kusiya kadontho. Ndiye dokotala wanzeru amayeza BP ndi shuga, amafunsa ngati munthu akumwa asipirini kapena mankhwala ena osungunula magazi, asanaweruze. Koma kuti aweruze ayenera kuyamba wakaona.

Mfundo yachiwiri ndi yovutirapo. Ku Sweden, pa kafukufuku wa Early Manifest Glaucoma Trial, odwala 255 anawagawa pawiri: ena anapatsidwa chithandizo, ena anangowayang'anira. Oposa theka la onsewa anaonetsapo kadontho nthawi ina, ndipo chithandizo sichinachepetse kubwera kwa timadonthoto. Wotsutsa amati: ngati mankhwala sakaletsa, tikafunirenji? Yankho langa ndi la thumba la chimanga lija. Sitithira mankhwala kuti kaufa kaleke kuoneka, timathira kuti chimanga chitsale. Pa kafukufuku yemweyo, matenda anapitirira mwa odwala 62 pa 100 osalandira chithandizo, koma 45 pa 100 mwa olandira, ndipo kutsika kulikonse kwa pulesha ndi nambala imodzi kunachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi magawo 10 pa 100. Anapezanso kuti amene ankaonetsa timadontho pafupipafupi ndiwo ankawonongeka msanga. Ofufuza a ku San Diego mu 2010 anaona kuti maso amene pulesha yake inatsitsidwa kwambiri kadontho kataoneka anachepetsa liwiro la kuwonongeka. Choncho kadonthoko kamatiuza amene tiyenera kumuthamangira, ndipo chothamangira nacho chilipo.

Yachitatu imatikhudza ife mwachindunji. Kafukufuku wa ku America woyerekeza anthu akuda ndi azungu, wotchedwa ADAGES, anapeza kuti timadontho timeneti timaoneka kawirikawiri mwa azungu kusiyana ndi mwa anthu ochokera ku Africa. Wina anganene kuti ndiye ndi nkhani ya eni ake. Ine ndimaiwerenga mozondoka. Glaucoma imatigwira ife kwambiri, imatiyamba tili aang'ono, ndipo imatichititsa khungu msanga. Ku Kongwa, ku Tanzania, anthu 4 pa 100 alionse a zaka 40 kupita m'tsogolo anapezeka nayo. Ku Tema, ku Ghana, anali pafupifupi 7 pa 100. Ku Nigeria kafukufuku wa dziko lonse anapeza 5 pa 100, ndipo mwa odwalawo osakwana 6 pa 100 ndiwo ankadziwa kuti akudwala, pamene mmodzi mwa asanu alionse anali kale wosaona. Ngati chenjezo limeneli limabwera mwa apo ndi apo kwa ife, ndiye likabwera tisaliphonye, ndipo kusaoneka kwake kusatinyenge kuti zonse zili bwino. Njira yake ndi imodzi yomweyo: kusuzumira mtsempha ulendo uliwonse ndi kusunga chimene waona. Wofunafuna kadontho amaonanso kukumbika kwa mtsempha, ngakhale kadonthoko asakapeze.

Wotsutsa amene ndimamulemekeza kwambiri ndi wogwira ntchito pachipatala amene amati: "Achimwene, inu mukunena za makamera pamene ife timolol watha mu famase, ndipo odwala athu ambiri amafika diso limodzi litafa kale." Sindingamutsutse pa zimene akuona tsiku ndi tsiku. M'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, madokotala akuluakulu a maso ndi owerengeka, ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kuphatikizapo za mishoni monga Nkhoma. Ntchito yambiri m'maboma ili m'manja mwa ma clinical officer a maso ndi akatswiri oyeza maso amene Mzuzu University imaphunzitsa. Koma kusowa kumeneku ndi kumene kukundipatsa mphamvu. Pamene opaleshoni ndi yochepa, pamene mankhwala achiwiri monga latanoprost munthu amakagula yekha pa mtengo wokwera, tiyenera kudziwa bwino amene akufunika zinthu zimenezi mwachangu. Makina oyezera kukula kwa dera limene munthu akuona sapezeka paliponse, ndipo kuyezako kumatopetsa okalamba. Kadontho ka magazi ndi umboni wotchipa kuposa wina uliwonse: kamafuna nyali, galasi, dontho lokulitsa mwana wa diso, ndi munthu wodekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu ukunena za diso lenileni.

Zipangizo zakenso si zakumwamba monga kale. Pali kachipangizo kounikira m'diso kotchedwa Arclight, kolowa m'thumba la malaya, kotchaja ndi dzuwa, kamene kanapangidwa mogwirizana ndi University of St Andrews ya ku Scotland ndipo kanayesedwapo ndi ogwira ntchito za maso konkuno ku Malawi. Pali makamera a m'manja, ena olumikiza ku foni. Kumene kuli kamera yojambulira maso a odwala shuga, chithunzi chomwecho chimaonetsa optic disc, kungofunika kuti wochiwerenga aiyang'anenso. Ndipo pamene palibiretu kamera, bolopeni yofiira ilipo. Kabwalo kamene mayi uja anajambula m'buku la amalume sikanadye ndalama ya boma ngakhale tambala imodzi, koma aliyense wodzawaona pambuyo pake anadziwa poyang'ana.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti dziko lino ndi limene linaphunzitsa dziko lapansi phunziro lofanana ndi limeneli. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Susan Lewallen pamodzi ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anasonyeza kuti mwana wokomoka ndi malungo a mu ubongo amakhala ndi zizindikiro kuseri kwa diso, kuphatikizapo timadontho ta magazi, ndipo kusuzumira m'diso kumathandiza kusiyanitsa malungo enieniwo ndi matenda ena okomola. Lero zimenezi zimaphunzitsidwa m'mayiko ambiri. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wathana ndi trachoma, matenda opatsirana a maso ochititsa khungu. Si dziko losadziwa za maso limeneli. Kungoti glaucoma ilibe chikondwerero. Palibe wodwala amene amavina atamasulidwa bandeji, palibe chithunzi chokoma choika m'nyuzipepala, chifukwa chipambano chake ndi munthu amene patatha zaka 10 akuonabe monga ankaonera. Opereka thandizo sakopeka ndi nkhani yoti palibe chasintha.

Kadontho kakaoneka, chotsatira si mantha koma mafunso angapo achindunji. Loyamba n'lochititsa manyazi koma lofunika: kodi mankhwala akulowadi m'diso? Amalume atauzidwa kuti adontheze pamaso pa dokotala, dontho loyamba linagwera pa tsaya, lachiwiri pa chikope. Anaululanso kuti botolo likatsala pang'ono ankadontheza kamodzi pa tsiku m'malo mwa kawiri "kuti lifike pa deti". Nambala zawo zokongola zija zinali za masiku a sikelo, pamene ankadontheza mokhulupirika m'mawa asananyamuke. Kenako pamabwera funso la kutsitsa pulesha kupitirira pamene ili, kaya ndi mankhwala owonjezera, kaya ndi laser (kuwala kwamphamvu kowombera m'diso), kaya ndi opaleshoni yotsegula kanjira kotulutsira madzi. Pa nkhani ya laser, anansi athu apita patsogolo: pa chipatala cha KCMC ku Moshi, ku Tanzania, kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti patatha chaka, chithandizo cha laser chinagwira ntchito m'maso 61 pa 100, pamene timolol anagwira mwa 31 okha. Kwa munthu wa kumudzi amene botolo lililonse limafuna ndalama ya minibasi, nkhani imeneyi ndi yaikulu, ndipo aphungu athu akamakambirana bajeti ya zaumoyo ndikanakonda wina atainena. Funso lomaliza ndi la deti: munthu amene waonetsa kadontho asapatsidwe miyezi 6.

Palinso abale. Glaucoma imayenda m'magazi a banja. Ku Rotterdam anapeza kuti ana ndi abale a bere limodzi a wodwala ali pa chiopsezo choposa cha anthu ena maulendo 9. Amayi anga, mlongo wawo wa amalumewo, anakana kwa miyezi iwiri kukayezetsa, ati maso awo ndi akuthwa kuposa athu tonse, amasankha mpunga opanda magalasi. Ndinawakumbutsa kuti achimwene awonso amalowetsa ulusi pa singano.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno wodwala safunsa dokotala. Timalowa titapinda manja, timayankha zimene tafunsidwa, timatuluka tikuthokoza. Koma funso limodzi laulemu silinyoza munthu: "Adokotala, nanga mtsempha mwauona? Ukusiyana bwanji ndi ulendo watha?" Wogwira ntchito wabwino amakondwera nalo funso limeneli. Amene alibe chipangizo adzanena kuti alibe, ndipo wodwala adzadziwa kuti kamodzi pa chaka ayenera kukafika kumene chilipo. Chimodzimodzi amene amayezetsa magalasi m'tauni: kuwerenga zilembo zonse pa khoma mpaka mzere wapansi sikutanthauza kuti mtsempha uli moyo wonse. Ndipo chodabwitsa cha diso n'chakuti magazi amene amatithamangitsira kuchipatala, aja ofiira psuu pa choyera cha diso munthu akatsokomola kwambiri, kawirikawiri amatha okha popanda vuto, pamene oopsawo ndi kachitsotso kobisika kamene mwini wake sangakaone.

Tinabwerera patatha miyezi itatu, amalume atawonjezeredwa botolo lachiwiri ndipo mdzukulu wawo wamkulu atapatsidwa udindo wowadontheza usiku uliwonse. Pulesha inali 12. Mayi uja anatsegula buku pa tsamba la kabwalo, anayang'ana kamzere kofiira, n'kuwakhazikanso pa makina. Kadontho kanali katazimirira. Pamalo pakepo, anatero, m'mphepete mwa mtsempha munali mutapyapyala pang'ono kuposa kale. Anajambula kabwalo kachiwiri pafupi ndi koyambako, analemba deti, n'kunena kuti kadontho kakadzabweranso pa pulesha imeneyi adzawatumiza kukakambirana za opaleshoni. Tili m'minibasi amalume anatulutsa bukulo, n'kumayerekeza timabwalo tiwirito monga amayerekezera miyezo ya kasitomala amene wanenepa. Mtanda wa pakhonde uja anaukulunga nsalu yofiira yotsala pa diresi la kasitomala wina.